Thanthwe la Didymos ndi kamwezi kake

Khalani pansi, ana anga, tsegulani makope anu. Lero tiyamba taika pambali mutu wa sabata yatha, chifukwa pali uthenga umene wakhala ukuyenda pa mafoni a makolo anu, ndipo angapo mwa inu mwandifunsa za uthengawo. Akuti akatswiri a ku America achenjeza kuti chimwala chachikulu chikubwera kudzawomba dziko lapansi. Uthenga wotere umabwera pafupifupi chaka chilichonse, umangosintha tsiku ndi dzina la mwalawo. Musauseke, komanso musagone ndi mantha chifukwa cha uthengawo. Muli choona china mmenemo, ndipo munthu amene wafika Fomu 3 ayenera kutha kuchisiyanitsa ndi bodza limene lachikuta.

Tiyambire pa zimene maso anu anaonapo. Inu a ku Makawa, a ku Malindi ndi a ku Chembe, amene abale anu amakwera bwato usiku wamdima kukaika nyali za usipa, mukudziwa kuti panyanja kumwamba kumaoneka bwino kuposa m'tauni. Nthawi zina kuwala kumang'anima n'kudutsa, n'kuzima musanathe n'kuloza komwe. Timati nyenyezi yathothoka. Koma nyenyezi sithothoka. Nyenyezi iliyonse ndi dzuwa lina, lalikulu kwambiri kuposa dziko lathu, limene likuoneka laling'ono chifukwa cha kutalika kwa kumene lili. Chimene mumaonacho ndi kamwala, nthawi zambiri kosaposa njere ya chimanga, kamene kalowa mumpweya wokuta dziko lathu pa liwiro loposa makilomita 11 pa sekondi imodzi. Mpweya umene kakuukankha umatentha koopsa, kamwalako n'kupsa, n'kutheratu kali pamtunda wa makilomita 80 kapena 100 kuchokera pansi.

Mwala ukakulirapo sutha wonse. Chotsala chimafika pansi, ndipo zimenezi zinachitikapo pakhomo pathu pomwe pano. Pa 22 Januwale 1981, m'boma la Machinga, loyandikana ndi lathu lino la Mangochi, munagwa mwala wolemera makilogalamu 93. Amenewo ndi pafupifupi matumba awiri a chimanga. Pa 25 Januwale 1899 miyala ina inagwa m'dera la Zomba. Mukadutsa malire a kumpoto kulowa m'dziko la Tanzania, ku Mbozi kuli chitsulo cha matani oposa 10 chimene chinagwa kalekale anthu asanayambe kulemba mbiri. Mwala wa ku Machinga uja unapimidwa ndi akatswiri ndipo dzina lake lili m'mabuku a sayansi padziko lonse. Ndi wakale kuposa mwala wina uliwonse umene mungatole m'mapiri a ku Namwera, chifukwa unapangidwa pamodzi ndi dzuwa ndi mapulaneti, zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo.

Nanga miyalayi imachokera kuti? Pamene mapulaneti ankapangika, panatsala zidutswa zimene sizinagwirizane n'kukhala pulaneti. Zambiri zimazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter. Asayansi amazitcha ma asiteroidi, ife tizingoti matanthwe a mumlengalenga. Loyamba kuoneka linali Ceres, limene Giuseppe Piazzi analiona ali ku Palermo pa 1 Januwale 1801, ndipo ndi lalikulu makilomita pafupifupi 940 m'mimba mwake. Ambiri ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi limeneli. Akanakhala kuti onse amangokhala m'dera lawolo, bwenzi phunziro lino lili la mayeso chabe. Koma matanthwewa amawombana, ndipo mphamvu yokoka ya Jupiter imasokoneza njira za ena, mpaka ena amayamba kudutsa pafupi ndi njira imene dziko lathu limayendamo pozungulira dzuwa. Otere odziwika ndi oposa 30,000.

Tsopano lembani bwino izi, chifukwa apa ndi pamene uthenga wa pa foni umasocheretsa anthu. Mwa matanthwe oyandikirawa, ena amaikidwa m'gulu la amene angathe kudzakhala oopsa. Kuti thanthwe lilowe m'gulu limeneli pamafunika zinthu ziwiri: likhale la mamita pafupifupi 140 kapena kuposa, ndiponso njira yake iziyandikira njira ya dziko lapansi pa mtunda wosaposa makilomita 7.5 miliyoni. Mwezi wathu uli pa makilomita 384,400. Gawani 7,500,000 ndi 384,400, mupeza 19 ndi zotsalira. Ndiye kuti thanthwe likhoza kudutsa kutali kuwirikiza ka 19 kuposa pamene pali mwezi, n'kulembedwabe m'gulu limeneli. Komanso zindikirani kuti ndanena za njira, osati za thanthwe lenilenilo. Njira ziwiri zikhoza kupingasana, koma ngozi imachitika pokhapokha ngati oyendamo afika pamphambanopo nthawi imodzi. Matanthwe a m'gulu limeneli ndi oposa 2,000, ndipo kulembedwa kwawo kumangotanthauza kuti ayenera kuyang'aniridwa chaka ndi chaka, chifukwa m'zaka mazana ambiri njira zawo zimasintha pang'onopang'ono.

Wina angafunse kuti mwala wa mamita 140 ungachite chiyani ku dziko lalikulu chonchi. Yankho munaliphunzira kale mu fizikisi. Mphamvu ya chinthu choyenda imadalira kulemera kwake, koma imadalira kwambiri liwiro, chifukwa liwirolo timalichulukitsa ndi liwiro lomwelo. Minibasi ya pa msewu wa ku Liwonde ikamathamanga makilomita 72 pa ola, ndiye kuti ikuyenda mamita 20 pa sekondi. Thanthwe la mumlengalenga limabwera pa makilomita ngati 20 pa sekondi, kutanthauza kuwirikiza ka 1,000. Chulukitsani 1,000 ndi 1,000. Kilogalamu imodzi ya thanthwelo imabwera ndi mphamvu yofanana ndi ya makilogalamu 1,000,000 oyenda pa liwiro la minibasi.

N'chifukwa chake thanthwe la mamita pafupifupi 20 okha, limene linaphulikira mumlengalenga pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia pa 15 Febuluwale 2013, linavulaza anthu pafupifupi 1,500. Ambiri anachekedwa ndi magalasi. Anaona kuwala koposa dzuwa, anathamangira pa mawindo kukaona, ndipo patapita kanthawi mphepo ya kuphulikako inafika n'kuswa magalasiwo iwo ali pomwepo. Kuwala kumathamanga kuposa phokoso, monga mumaonera mphezi isanagunde. Mukadzaona kuwala kotere, chokani pawindo, mudikire mphindi zingapo. Mu Juni 1908, ku Tunguska ku Siberia, thanthwe lokulirapo linagwetsa mitengo pa dera la masikweya kilomita oposa 2,000. Ndipo zaka 66 miliyoni zapitazo, thanthwe la makilomita pafupifupi 10 linagwa kumene lero kuli Mexico, nyengo ya dziko lonse inasokonekera, zamoyo zambiri zinatha, kuphatikizapo zinyama zikuluzikulu zotchedwa ma dinosaur.

Ndikuona dzanja kumbuyoko, ndipo funso lake ndikulidziwa, chifukwa limafunsidwa chaka chilichonse. Ayi, nyanja yathuyi sinakumbidwe ndi mwala wochokera kumwamba. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika chifukwa nthaka ya chigawo chino cha Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake timamva zivomezi monga cha ku Salima cha mu 1989 ndi za ku Karonga za mu 2009. Maenje okumbidwa ndi matanthwe amakhala ozungulira, pomwe nyanja yathu ndi yaitali ndi yopyapyala. Amene muli ndi abale ku Joni, auzeni kuti dzenje lenileni lili pafupi nawo. Kumpoto kwa Pretoria kuli Tswaing, dzenje loposa pang'ono kilomita imodzi m'mimba mwake, ndipo kumwera chakumadzulo kwa Johannesburg kuli Vredefort, chipsera cha thanthwe limene linagwa zaka 2 biliyoni zapitazo.

Tsopano tifike pa thanthwe limene ndalemba pa bolodi. Didymos anapezeka pa 11 Epulo 1996 ndi gulu la Spacewatch, pa phiri la Kitt Peak ku Arizona. Ndi wa mamita pafupifupi 780 m'mimba mwake. Malo akuya kwambiri a nyanja yathu, kumpoto uko, ndi mamita pafupifupi 700, choncho atati aikidwe pamenepo, msonga yake ingatulukire pamwamba pa madzi. Amazungulira dzuwa kamodzi pa zaka ziwiri ndi mwezi woposa umodzi, ndipo ali m'gulu lija la matanthwe oyenera kuyang'aniridwa. Njira yake inawerengedwa bwino lomwe, ndipo sakubwera kudzatiwomba.

Mu Novembala 2003 Didymos anadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 7 miliyoni. Akatswiri amene ankamuyang'ana, mmodzi wa iwo Petr Pravec wa ku Czech Republic, anazindikira kuti sali yekha. Ali ndi kamwezi kake, kamene lero kamatchedwa Dimorphos, ka mamita pafupifupi 150, kozungulira pa mtunda woposa pang'ono kilomita imodzi kuchokera pakati pa thanthwe lalikululo. Kuno ku Mangochi tonse timadziwa kuwerenga mwezi. Asodzi amadikira mdima, ndipo abale athu achisilamu amayang'ana kumadzulo dzuwa likangolowa kuti aone ngati mwezi wa Ramadan waoneka. Mwezi wathu umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwerenso watsopano. Kamwezi ka Didymos kankamaliza ulendo wake m'maola 11 ndi mphindi 55.

Musadabwe kuti thanthwe lingakhale ndi mwezi. Chinthu chilichonse cholemera chimakoka chinzake, ngakhale pang'ono bwanji. Mphamvu yokoka ya Didymos ndi yochepa kwambiri, moti munthu ataima pamenepo n'kudumpha mwamphamvu, sangabwererenso pansi. Komabe ndi yokwanira kugwira kamwezi kamene kamayenda masentimita pafupifupi 17 pa sekondi, liwiro lochepera la munthu woyenda pansi. Ndipo si Didymos yekha: mwa matanthwe oyandikira dziko a mamita oposa 200, pafupifupi 15 pa 100 alionse ali ndi timiyezi tawo.

Za mmene kamwezika kanabadwira, akatswiri ambiri amaloza kuwala kwa dzuwa. Dzuwa likawomba thanthwe, thanthwelo limatentha n'kubweza kutenthako. Popeza thanthwe silozungulira bwinobwino, mbali ina imabweza kwambiri kuposa inzake, ndipo kakukankha kochepa kameneka, pa zaka mamiliyoni, kamachititsa thanthwelo kuzungulira mofulumirafulumira. Didymos amatembenuka kamodzi pa maola 2 ndi mphindi pafupifupi 15, liwiro limene lili pafupi ndi malire oti thanthwe lotere liyambe kumwazika. Matanthwe ambiri otere si mwala umodzi wolimba ayi, ndi mulu wa miyala, nsangalabwi ndi fumbi zimene zangogwirana mofooka. Likafulumira kwambiri, miyala ya m'chiuno mwake imayoyoka, imayamba kulizungulira, kenako imaunjikana n'kupanga kamwezi.

Funso limene ndimalikonda kwambiri m'phunziro lino ndi ili: anakaona bwanji kamwezi kakang'ono chonchi pa mtunda wa makilomita mamiliyoni? Pa telesikopu, Didymos ndi kamwezi kake amangooneka ngati kadontho kamodzi ka kuwala. Chimene akatswiri amachita ndi kuyeza kuwala kwa kadonthoko, mphindi ndi mphindi, usiku wonse. Kamwezi kakadutsa kutsogolo kwa thanthwe lalikulu, kamaphimba mbali ina kapena kuponya mthunzi wake pamenepo, ndipo kuwala kumatsika pang'ono. Kakapita kumbuyo n'kubisika, kuwala kumatsikanso. Mukajambula girafu, nthawi m'munsi, kuwala m'mbali, muona mzere ukutsika n'kukwera mobwerezabwereza. Mtunda wa pakati pa malo otsikawo ndiwo umakuuzani nthawi imene kamwezi kamatenga. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu anayeza kadontho kameneka kwa zaka zambiri kuyambira mu 2003, mpaka anadziwa nthawi ya kamweziko molondola kufikira pa kachigawo ka sekondi. Girafu imene mumaidandaula m'kalasi la masamu ndi chida chomwecho.

Kudziwa nthawiyo molondola chonchi ndi kumene kunapangitsa kuti Dimorphos asankhidwe pa ntchito imene inali isanayesedwepo. Funso linali lakuti, kodi thanthwe likamabwera, anthu angathe kulipatutsa? Papepala masamu ankavomera, koma panafunika kuyesa. Vuto linali la kayezedwe. Mukawomba thanthwe loyenda lokha pozungulira dzuwa pa makilomita ambirimbiri pa sekondi, n'kulisintha liwiro ndi mamilimita ochepa, padzatenga nthawi yaitali kuti muone kusiyanako. Koma kamwezi koyenda masentimita 17 pa sekondi, mamilimita ochepawo ndi gawo looneka la liwiro lake, ndipo kusinthako kumaunjikana pa ulendo uliwonse, kawiri pa tsiku. Kamweziko kanakhala ngati wotchi yoikidwiratu mumlengalenga. Panalinso chitetezo: kuwomba kamweziko sikukanatha kukankhira Didymos kudziko lathu.

Bungwe la NASA linatumiza chombo chotchedwa DART, chopangidwa ndi akatswiri a Johns Hopkins Applied Physics Laboratory. Chinanyamuka ku California mu Novembala 2021, n'kuyenda miyezi khumi. Chinalibe bomba. Chida chake chinali kulemera kwake, makilogalamu pafupifupi 580, ndi liwiro lake, makilomita oposa pang'ono 6 pa sekondi. Pa liwiro limenelo, kuchoka pa Boma pano kukafika ku Monkey Bay ndi masekondi 10 okha. Chinali pa mtunda wa makilomita 11 miliyoni kuchokera kuno, kumene uthenga wa wailesi umatenga masekondi oposa 30 kuti ufike, ndiye panalibe munthu akanatha kuchiwongolera ndi dzanja. M'maola anayi omaliza chinadziyendetsa chokha pogwiritsa ntchito kamera ndi kompyuta yake, ndipo kamweziko kanayamba kuoneka padera kutangotsala ola limodzi.

Ku America linali tsiku la 26 Seputembala 2022. Kwathu kuno tsiku linali litasintha kale, inali 1:14 usiku wolowera pa 27 Seputembala. Zithunzi zinkafika chimodzi pa sekondi iliyonse: kadontho, kenako chinthu chooneka ngati dzira, kenako miyala yoti mbwee, kenako chithunzi chomaliza chimene chinangofika chodukiza. Chimene ndikufuna mukumbukire n'chakuti pa ola limenelo Didymos anali kumwamba kwa chigawo chathu chino cha dziko. Ku America ankaonera pa kanema, koma ma telesikopu amene anaona kuwombako mwachindunji anali a ku Sutherland ku South Africa, a pa chilumba cha Réunion ndi ena a mbali ino. Telesikopu ya ATLAS ya ku Sutherland inajambula kadontho kaja kakuwala mwadzidzidzi, mtambo wa fumbi n'kufalikira. Kachombo ka ku Italy kotchedwa LICIACube, kamene kanapatukana ndi DART masiku angapo m'mbuyo, kanadutsa patapita mphindi zochepa n'kujambula fumbilo chapafupi. M'masiku otsatira fumbilo linatambasuka n'kupanga mchira wa makilomita pafupifupi 10,000.

Asananyamuke, akatswiri anagwirizana kuti nthawi ya kamwezi ikasintha ndi masekondi 73, ntchito yatheka. Pa 11 Okutobala 2022 NASA inalengeza zotsatira: kuchoka pa maola 11 ndi mphindi 55, nthawi inatsika kufika pa maola 11 ndi mphindi 23. Atayezanso mosamala anapeza kuti kusinthako kunali mphindi pafupifupi 33. Aka kanali koyamba kuti anthu asinthe dala kayendedwe ka chinthu chachilengedwe cha mumlengalenga.

Tengani zolembera, tiwerengere limodzi, chifukwa pali chinsinsi chimene manambala atiululire. Chulukitsani kulemera kwa chombo ndi liwiro lake: 580 kuchulukitsa ndi mamita 6,100 pa sekondi, tipeza pafupifupi 3.5 miliyoni. Kulemera kwa Dimorphos akuti ndi makilogalamu pafupifupi 4.3 biliyoni. Gawani 3.5 miliyoni ndi 4.3 biliyoni. Yankho ndi mamita 0.0008 pa sekondi, kosakwana milimita imodzi. Uku ndi kusintha kumene kukanachitika chombocho chikanangolowa m'thanthwe n'kukhazikika momwemo. Koma chimene chinayezedwa ndi mamilimita 2.7 pa sekondi, kuposa katatu. Zowonjezerazo zinachokera kuti? Zinachokera ku miyala ndi fumbi zija, makilogalamu oposa miliyoni imodzi, zimene zinathovokera kumbuyo. Lamulo lachitatu la Newton limati chinthu chikakankhidwira uku, chimakankha chinzake kupita uko. Zinyalala za kuwombako zinakankha kamweziko kuposa chombo chenichenicho. Zimenezi sizikanadziwika bwino popanda kupita kukayesa, chifukwa zimadalira mmene thanthwelo lilili m'kati mwake.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Mamilimita 2.7 pa sekondi, ngakhale nyerere imaposa pamenepo, ndiye angapulumutse ndani? Taganizirani woyendetsa sitima ya Ilala ikunyamuka ku Monkey Bay. Akapotoza chiwongolero pang'ono chabe ali padoko, pofika kumpoto adzakhala atasiyana ndi njira yake ndi makilomita ambiri. Koma mwala akauona utatsala mamita khumi, ngakhale apotoze chiwongolero chonse, sitima igundabe. Mmera mpoyamba. Chaka chili ndi masekondi pafupifupi 31.5 miliyoni. Chulukitsani ndi mamilimita 2.7, mupeza makilomita 85 pa chaka, 850 pa zaka khumi. Kuchokera pakati pa dziko lapansi kufika pamwamba pake ndi makilomita pafupifupi 6,400. Kuti thanthwe lolunjika pakatikati lisemphe dziko, mutalikankha kutatsala zaka khumi, mufunika masentimita 2 pa sekondi. Kutatsala chaka chimodzi mufunika masentimita 20, kuwirikiza kakhumi. Masamu enieni a njira zozungulira dzuwa amatikomera kuposa pamenepa, chifukwa kusintha liwiro kumasinthanso kutalika kwa chaka cha thanthwelo, koma mfundo ndi yomweyo.

Palinso njira ina yoonera nkhaniyi. Dziko lathu limathamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi pozungulira dzuwa, ndipo m'mimba mwake ndi makilomita 12,742. Gawani, mupeza masekondi pafupifupi 425, mphindi 7. Pa mphindi 7 zilizonse dziko limakhala litachoka pamalo pamene linali. Sipafunika kuphwanya thanthwe, ndipo kuliphwanya kungangochulukitsa zidutswa zobwera. Chofunika ndi kulichedwetsa kapena kulifulumizitsa kuti lifike pamphambano mphindi zochepa dziko litadutsa kale kapena lisanafike.

Tsono ntchito yaikulu si kuwomba ayi, ndi kupeza msanga. Apa ndiye pali nkhawa yeniyeni, ndipo sindikubisirani. Matanthwe akuluakulu oposa kilomita imodzi, amene angasokoneze dziko lonse, oposa 90 pa 100 alionse anapezeka kale, ndipo palibe limene likubwera m'zaka 100 zikubwerazi. Koma a msinkhu wa Dimorphos, amene angawononge mzinda kapena chigawo chonse, akuyerekezedwa kuti alipo pafupifupi 25,000, ndipo opezeka sanafike theka. Lija la ku Chelyabinsk palibe analiona likubwera, chifukwa linachokera mbali ya dzuwa, kumene telesikopu ya pansi pano siona. Pa 2 Juni 2018, kathanthwe ka mita imodzi kapena awiri kanaoneka ndi gulu la Catalina Sky Survey ku Arizona kutangotsala maola ochepa, kenako kanaphulikira pamwamba pa Botswana, ndipo zidutswa zake zinatoledwa m'nkhalango ya Central Kalahari. Maola ochepa ndi okwanira kuchenjeza anthu za kamwala kotere, koma sangakwanire kutumiza chombo. Kwa nthawi yaitali ma telesikopu ambiri osaka matanthwe anali kumpoto kwa dziko, ndiye thambo la kumwera, limene ife timaliona, silinkayang'aniridwa mokwanira. N'chifukwa chake telesikopu ya ku Sutherland ija ndi yofunika. Ine ndimakhulupirira kuti dziko ngati lathu, lokhala ndi mdima wabwino usiku ndi miyezi yambiri yopanda mitambo, siliyenera kumangolandira uthenga wa zinthu zimenezi kuchokera kwa ena. Ntchito yoyeza kuwala kwa kadontho imafuna telesikopu yapakatikati, kompyuta, ndi munthu wodziwa masamu amene satopa msanga.

Nkhani ya Dimorphos sinathe. Pa 7 Okutobala 2024 bungwe la mayiko a ku Ulaya loona za mumlengalenga, ESA, linatumiza chombo chotchedwa Hera, ndipo ulendo wake unakonzedwa kuti chikafike kwa Didymos chakumapeto kwa 2026. Chikukayeza kulemera kwenikweni kwa kamweziko, chifukwa 4.3 biliyoni imene tagwiritsa ntchito ija ndi yoyerekeza kuchokera pa kukula kwake. Chikukaonanso ngati DART inasiya dzenje kapena inasintha maonekedwe a kamwezi konse.

Pali tsiku limodzi limene ndikufuna mulilembe pa chikuto cha kope lanu: Lachisanu, 13 Epulo 2029. Usiku umenewo thanthwe lotchedwa Apophis, la mamita pafupifupi 340, lidzadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera pansi. Ma satelayiti amene madishi a kanema amaloza ali pa makilomita pafupifupi 36,000, ndiye kuti lidzadutsa m'munsi mwawo. Litangopezeka mu 2004, panali mantha chifukwa masamu oyamba anaonetsa mwayi wa pafupifupi 3 pa 100 woti lingawombe dziko mu 2029. Atawonjezera miyezo, mwayiwo unatheratu, ndipo miyezo ya radar ya mu Malichi 2021 inatsimikiza kuti silitiwomba kwa zaka zosachepera 100. Mauthenga oopseza adzachuluka pa mafoni tsikulo likamayandikira, ndipo inu ndi amene mudzafotokozere makolo anu. Africa ndi amodzi mwa malo amene adzalione bwino ndi maso, popanda telesikopu, ngati nyenyezi yoyenda pang'onopang'ono pakati pa zinzake. Mwezi udzakhala uli mumdima usiku umenewo, choncho amene mudzakhale kugombe, talikiranani ndi nyali za asodzi ndi magetsi a m'malo ogona alendo.

Ntchito ya kunyumba ili pawiri. Choyamba, kamwezi kankazungulira m'maola 11 ndi mphindi 55, tsopano kamafulumira ndi mphindi 33 pa ulendo uliwonse. Werengani kuti pamafunika maulendo angati, ndiponso masiku angati, kuti kapitirire ndi ulendo umodzi wathunthu poyerekeza ndi mmene kakanayendera pakanapanda DART. Chachiwiri, thanthwe lapezeka kutatsala zaka 25 kuti lifike, ndipo liyenera kupatutsidwa ndi makilomita 6,400. Pezani liwiro lofunika kulisintha, mu mamilimita pa sekondi, kenako munene kuti pangafunike zombo zingati zonga DART ngati thanthwelo likulemera mofanana ndi Dimorphos. Muonetse njira yonse imene mwadutsa, osati yankho lokha. Makope ndiwalandira Lolemba m'mawa, belu loyamba lisanalire.